Khobwe wa M'chigubu

Ntchito yanga inali yolima moipa. Ndinene bwinobwino kuti musandimve molakwa: anandilemba ntchito, anandipatsa ovolosi ndi jombo, kuti ndizilima moipa mwadala, masana dzuwa likuswa mtengo, m'mphepete mwa msewu momwe aliyense wodutsa amaona.

Malowo ndi munda woyeserera mbewu. Mwini nzeru zake ndi mayi wina amene tonse timawatcha a Dokotala, ngakhale jakisoni sanamugwirepo. Udokotala wawo ndi wa mpunga ndi udzu. Mundawo anaudula tindime ting'onoting'ono, kalikonse ndi kachikwangwani kake. Nthawi ya mvula timabzala mpunga, tikakolola timabzala khobwe pa chinyontho chotsalacho, mvula ikabweranso mpunga, choncho chaka ndi chaka. A Dokotala ankafuna kudziwa chinthu chimodzi. Mbewu ukayamba wainyika m'madzi usanabzale, imamera msanga. Ndiye ikamera msanga n'kuphimba nthaka udzu usanatsegule maso, kodi mlimi sangapalire kamodzi kokha m'malo mwa katatu?

Kuti wanzeru aoneke pamafunika chitsiru pambali pake. Ndime zinayi zinali za mbewu yonyika. Zina zinayi, zondandana m'mbali mwa msewu, zinali za mbewu youma, yobzala monga mmene aliyense amabzalira kwawo. Zonse kupalira kamodzi, tsiku limene a Dokotala anena, osati limene udzu wakuitana. Za mbewu youma anapatsa ine. Zonyika anapatsa Wotchi.

Dzinalo ndinamupatsa ndine, ndipo chondiwawa n'chakuti analikonda. Ndi munthu wamtali, wosalala khungu, wolankhula ngati mawu amayamba wawaika pa sikelo. Pamkono pake pali wotchi yachitsulo imene amaiyang'ana ngakhale mutangomufunsa ngati kunyumba adzuka bwino. Mpunga amaunyika tsiku lathunthu, khobwe maola eyiti, osawonjeza mphindi, kenako amayanika pa chiguduli pamthunzi kuti mbewu isamamatire m'manja. Palinso kanthu kena kakang'ono. Wotchi ndi amene anayamba kufunsira mkazi wanga, ine ndisanadziwe n'komwe kuti mtsikanayo alipo padziko. Anamukana, inde. Koma mwamuna wokanidwa amene sakwiya ndi woopsa kuposa njoka ya kudenga. Mpaka lero sanakwatire. Ukamufunsa amati nthawi yake sinakwane, n'kuyang'ana pamkono. Ine amanditcha achimwene, ngakhale sitinayamwe bere limodzi, ndipo ndikudziwa kuti uchimwenewo anaulowa dala, kuti mkazi wanga azimutcha alamu.

Mkazi wangayo ndiye wowerenga udzu. Musaseke, ntchitoyo ilipo, ndipo imafuna munthu amene sukulu anaitafuna kuposa ine, amene ndinangoinyambita. Ali ndi kachitsulo ka ngodya zinayi konga felemu ya windo. Milungu iwiri iliyonse amaima m'ndime, amakaponya chakumbuyo osayang'ana, kenako amagwada n'kuwerenga udzu wonse umene uli m'katimo, mtundu ndi mtundu: dawe mwakuti, khovani mwakuti, chisoso mwakuti, bonongwe mwakuti. Akatero amalemba m'buku la a Dokotala.

Kwa Wotchi ankagwada mphindi zisanu. Kwa ine ankagwada ola.

"Handiredi sikisite-thuu," ankatero ali chogwada, osadzutsa mutu. "Bambo, mwabzala mpunga kapena dawe?"

"Ndikuweta, mayi. Dawe wanga ndi wa mtundu."

"Wa mtundu ndithu. Chaka chatha anali handiredi fote. Akuswana bwino."

"Mwamuna wako ndi wobereka, uzinyadira."

Ankaseka pang'ono, koma msana ukumupweteka, ndipo ankadzuka atagwira m'chiuno ngati nkhalamba. Akatero ankapita kwa Wotchi, n'kuponya kachitsulo kaja, n'kuwerenga mpaka twente, basi watha. Nthawi yotsalayo ankakhala pa chiguduli pansi pa mtengo wa mango, Wotchi atatsegula fulasiki yake ya tiyi. Ndinkawaona ndili kumsewu. Mawu sindinkawamva. Ndinkangoona mano. Mkazi wanga ali ndi mpata m'mano akutsogolo umene suoneka akamaseka mwaulemu, umaoneka akaseka zenizeni. Pa mtunda wa mamita handiredi mpatawo ndinkauona bwinobwino.

Tsiku lina ndinamufunsa tili panjira yobwerera kunyumba.

"Mumakambirana chiyani ndi mlamu wako wa wotchiyo?"

"Za mbewu."

"Mbewu yake ndi yoseketsa chomwecho?"

"Amandifotokozera mmene njere imadzukira ikamwa madzi. Akuti imakhala ngati munthu amene wasamba kale, wavala kale, akungodikira basi. Ikangolowa m'dothi n'kunyamuka."

"Ndiye yanga?"

"Yanu basi ikafika imayamba kufunafuna nsapato." Anandiyang'ana. "Munthu uja manja ake ndi abwino, bambo. Chimene wagwira chimamera."

Sananene mwa njiru. Ndiye vuto lake. Akanati anene mwa njiru ndikanamuyankha, pakuti pakamwa ine sindigonja. Koma ananena monga mmene munthu amanenera kuti kunja kwatentha.

Ine ndinabadwira m'munda. Khasu ndinaligwira ndisanadziwe kumanga lamba. Kwathu munda wa bambo anga unkachita kuoneka kuti pano pali anthu. Ndiye ndiime zaka zitatu pambali pa tchire, manja kumbuyo, khasu lili pompo, udzu ukundiseka? Anthu a pa njinga ankachepetsa liwiro kuti andipatse moni.

"Achimwene, mwini mundawu anamwalira liti?"

"Akudwalabe, tikumudikira."

"Mukapepese kunyumbako."

Kondakitala wina wa minibasi anafika pondiponyera kakhasu ka ana, ka pulasitiki, kofiira. Ndinakatola, ndinamugwadira kuthokoza, anthu m'galimoto anafa nazo. Nthabwala ndimazidziwa, ndipo munthu wa nthabwala saloledwa kupwetekedwa nazo. Ndinapita kwa a Dokotala kukapempha kuti chaka chimenecho tisinthane, Wotchi alaweko msewu.

"Inu ndinu munthu wofunika kwambiri pano," anatero a Dokotala, akupukuta magalasi. "Popanda ndime zanu, za anzanuzo sizinena kanthu. Inu ndinu muyeso."

"Muyeso wa ulesi, a Dokotala."

"Muyeso wa mmene zinthu zilili. Komanso buku ndinaliyamba ndi dzina lanu pa ndime zimenezo. Tisasinthe manja pakati pa ulendo."

Ndinatuluka mu ofesimo ndili munthu wofunika kwambiri. Ndinapeza mkazi wanga akugwirira Wotchi chiguduli kuti apetere mpunga wake.

Mpunga titakolola inafika nthawi ya khobwe. Tsiku lobzala limayenda chonchi. Sikisi koloko m'mawa a Dokotala amatsegula sitolo n'kupereka mbewu m'timapepala toyezeratu, anayi kwa Wotchi, anayi kwa ine. Wotchi amathira yake m'ndowa n'kuyang'ana pamkono. Ndipo popeza ndime zonse ziyenera kubzalidwa nthawi imodzi, ine ndimadikira maola eyiti, mbewu ili m'thumba la ovolosi, n'kumatchetcha tinjira. Maola eyiti, munthu ali yekha ndi mbewu ndi maganizo. Satana sanatuluke nane thukuta.

Ndinali ndi chigubu changa cha madzi akumwa, cha malita faifi. Ndinapita kuseri kwa kanyumba ka pampu, ndinang'amba timapepala tonse tinayi, n'kukhuthulira m'chigubumo. Wotchi ya pamkono ndilibe, koma ndinali nayo yabwino kuposa yachitsulo: mwini wakeyo. Ndinangoti akavuula yake, ine ndivuula yanga.

Chimene sindinaganizire n'chakuti khobwe akamwa madzi amatupa. Analowa pakamwa pa chigubu mwaulemu, mmodzimmodzi, koma potuluka anakana. Ndinagwedeza, ndinamenya kumatako, anatuluka atatu n'kutseka njira. Kumtengo wa mango Wotchi anali atayanika kale yake. Ndinatulutsa mpeni n'kuchidula chigubucho pakhosi. Khobwe ndinamuyanika pa malaya anga a m'kati, ndinamuuzira ndi mpweya ngati phala la mwana, n'kumugawa panayi ndi maso. Pobzala ndinapatsa a Dokotala msana, dzanja nditafumbata, njere ziwiri pa phando, kukwirira msangamsanga ngati mphaka.

Madzulo ake mkazi wanga anachinyamula chigubucho n'kuchizunguza.

"Ichi chatani?"

"Chinagwa."

"Chinagwera pa mpeni?"

"Mpeni unali pansi, ndiye chinagwera pomwepo. Tsoka sasimba."

Anachinunkhiza. Anachiika pansi pang'onopang'ono.

Tsiku lachitatu m'mawa khobwe wa Wotchi anatumphuka, mizere yoongoka ngati ana a sukulu pa mzere. Wanganso anatumphuka, m'mawa womwewo, mizere yomweyo. Zaka zonsezi wanga ankatuluka mochedwa ndi masiku awiri kapena atatu, wina apa wina apo ngati mano a nkhalamba, udzu utakhala kale pa mipando yakutsogolo. Ndinaima pamenepo ngati ndaona mwana wanga woyamba. Kunyika kumagwira, zimenezo ndikuchitira umboni kulikonse. Mlungu wachiwiri masamba anali atayamba kugwirana manja pakati pa mizere, pansi pali mdima, dawe akutuluka wachikasu ngati wodwala.

Pamenepo munthu wanzeru akanaleka. Koma kufanana ndi Wotchi sikumene ndinkafuna. Ndinayamba kuvula jombo ndikamayendera ndime, ati mapazi akutentha. Chala chachikulu cha kuphazi, mukachiphunzitsa, chimazula udzu bwino kwambiri. Umaima chilili, manja kumbuyo, maso kumsewu, ukupereka moni kwa odutsa, pansi chala chikugwira ntchito. Ukazula umakwirira ndi chidendene. Palibe khasu linakhudza ndime zimenezo, ndikhoza kulumbira.

Linafika tsiku lowerenga. Mkazi wanga anayambira kwa Wotchi.

"Twente-fo," anatero.

Anabwera kwa ine. Anaponya kachitsulo kaja, anagwada, anapatula masamba. Anadzuka, anakaponyanso pena. Anagwadanso.

"Naini."

"Bwerezanso, mayi, sindinamve. Khutu ili lili ndi vuto."

"Naini, bambo."

"Alamu ako anali angati paja?"

Anayang'ana mapazi anga, amene anali opanda jombo, kenako anayang'ana kumaso kwanga. Ndinkadikira mpata uja wa m'mano. Ndinkadikira kuti anene za manja, ngakhale za mapazi ndikanalandira. Analemba naini m'buku, pakuti mkazi wanga salemba bodza, n'kutseka bukulo.

Ndiye taonani mmene nsanje imalipirira antchito ake. Kale ankakhala ola lathunthu m'ndime zanga, akundinyoza, inde, koma ali pafupi, ndikumva fungo la mafuta a m'tsitsi lake. Tsopano kwa ine anatha mphindi khumi, ndime zonse zinayi. Ola lonse lotsalalo analitengera kumtengo wa mango. Ndipo ulendo uno sankaseka. Anakhala moyandikana, mitu pamodzi, akulankhula motsitsa, Wotchi akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Mwamuna aliyense akuuzani: mkazi wako akamaseka ndi munthu, dandaula pang'ono. Akasiya kuseka n'kuyamba kunong'ona, dandaula kwambiri.

A Dokotala nawo anasiya kudya. Ankabwera ku ndime zanga m'mawa ndi masana, buku m'manja, n'kumawerenga zikwangwani ngati mwina zinasinthana zokha. Anakumba dothi, analinunkhiza, analiika m'timabotolo. Tsiku lina anandifunsa ngati ndinaona china chachilendo.

"Mwina khobwe wa chaka chino ndi wolimbikira, a Dokotala."

"Zaka zitatu zikunena chimodzi, chaka chino chikunena china." Ankalankhula okha, osati ndi ine. "Ngati youma ikhoza kuposa yonyika, ndiye ndakhala ndikuwauza chiyani anthu?"

Ndinawamvera chisoni, sindikana. Koma tsiku lomwelo munthu wa pa njinga anaima n'kufunsa kuti mbewu imeneyi ndinaigula kuti, ndipo chisoni chija chinatha.

Khobwe atayamba maluwa linafika tsiku la alimi. Chaka chilichonse a Dokotala amaitana alimi a m'midzi yozungulira kudzaona ndi maso awo. Anabwera pa lole, anthu ngati fote, amayi ambiri, ena ndi ana kumbuyo. Mwambo wake ndi womwewo: amayamba kwa Wotchi kuti aone zabwino, n'kumalizira kwa ine kuti aseke. Wotchi anawaonetsa ndowa, anawaonetsa chiguduli, anawaonetsa pamkono. Anaombera m'manja. Kenako gulu lonse linatsetserekera kumsewu, n'kuima.

Ndime zanga zinali zobiriwira mochita kuda. Ndinali nditachapa ovolosi.

Mayi wina wachikulire, wa mpango wofiira, anawerenga chikwangwani mogwiragwira zilembo. "Mbewu youma." Anatembenukira kwa a Dokotala. "Amayi, ndiye mwatiitanira chiyani? Iyi youmayi ndiye yakhuta. Ife tizivutika ndi ndowa chifukwa chiyani, madzi ake otunga kutali?"

"Bola yathu yomweyi," anatero bambo wina kumbuyo. "Za sukuluzi n'zotayitsa nthawi."

A Dokotala anayamba kupukuta magalasi. Mkazi wanga anali ataima pambali pawo, buku pachifuwa. Ndinamuona akutembenuza maso kwa Wotchi, n'kugwedeza mutu kamodzi, pang'ono kwambiri. Wotchi anatsokomola n'kubwera kutsogolo.

"Pepani a Dokotala, pali chimene ndinaiwala kukuuzani. Ndinamva kwa anthu akale kuti mzere uno wa kumsewu kunali khola la ng'ombe, mundawu usanakhale wathu. Ndowe zake zinalowa pansi kwambiri. Mpunga mizu yake ndi yaifupi, sufikako. Koma khobwe ali ndi muzu wautali, ndiye chaka chino, ndi chinyontho chimene chinalipo, wafika pa chakudya. Si mbewu ayi, ndi ng'ombe. Achimwene angawa alibe chifukwa, angochita mwayi ndi malo."

Linali bodza lokongola. Ndinalisirira, ine amene mabodza ndimawadziwa. Linali ndi mizu, linali ndi masamba. Alimi anayamba kugwedeza mitu, pakuti ndowe aliyense amazikhulupirira. A Dokotala anakwinya nkhope, koma anatsegula buku n'kuyamba kulemba. Ntchito yanga inali itapulumuka.

Ndipo ndinayang'ana mkazi wanga. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana Wotchi, maso atafewa, milomo ikunena zikomo popanda mawu. Apo m'pamene ndinamvetsa zonong'ona zija. Anapita kwa iye kukandipemphera. Anakhala pa chiguduli chake n'kumuuza kuti mwamuna wanga wachita zopusa, tithandizeni alamu. Awiriwo anali ndi chinsinsi chawo, ndipo chinsinsicho ndinali ine. Khobwe wanga, amene ndinamuuzira ndi mpweya wanga, amene ndinamupalira ndi chala mpaka chikhadabo kung'ambika, anali atapatsidwa kwa ng'ombe zimene sizinakhaleko. Ndipo zikomo anapita kwa Wotchi.

Anthu amati ndinaulula chifukwa cha chikumbumtima. Abusa anafika pondigwira dzanja. Ndikuuzeni zoona, chikumbumtima changa tsiku limenelo chinali pa tchuthi.

"A Dokotala, musalembe," ndinatero. "Pano sipanakhalepo khola. Ng'ombe yake ndine."

Onse anatembenuka.

"Mbewuyi ndinainyika. Maola eyiti, m'chigubu changa, kuseri kwa pampu. Ndinaiyanika pa malaya. Udzu ndinkazula ndi phazi ili." Ndinavula jombo n'kulikweza kuti aliyense alione. "Palibe ndowe, palibe mwayi, palibe anthu akale. Manja ndi awa. Amene akufuna kuyamikira ayamikire kuno."

Mawu omalizawo ndinawanena ndikuyang'ana mkazi wanga. Iye anatseka maso.

Alimi anayamba kuseka, kuyambira kumbuyo, mpaka ena kukhala pansi. Mayi wa mpango wofiira uja anandiyandikira n'kundikoka mkono.

"Mwati maola angati, bambo?"

"Eyiti, mayi. Mukapitirira amawola. Ndipo musanyike m'chigubu."

"Wakuba sanama pa chimene waba," anatero kwa anzake. "Ngati uyu anachita kubera, ndiye kuti n'zabwino."

A Dokotala sanaseke. Anadikira lole inyamuke, kenako anandiitanira ku ofesi. Anandifunsa zonse mwadongosolo, madzi ake anali otani, ndinavuula nthawi yanji, ndinazula kangati, n'kumalemba. Atatha anajambula mzere wautali kudutsa tsamba lonse, kuchokera ngodya ina kufika ina.

"Mukudziwa chimene ndafafanizachi?"

"Chaka, a Dokotala."

"Chaka. Sichibweranso. Mvula sindingaiuze kuti ibwereze." Anavula magalasi. "Kulakwa kwina ndi kwanga. Ndinaika munthu wodziwa kulima pamsewu zaka zitatu kuti anthu azimuseka, n'kumayesa kuti ndi chikhomo. Koma inu munandiona ndikukumba dothi, ndikuliika m'mabotolo, n'kundiuza kuti khobwe ndi wolimbikira. Siyani ovolosi ndi jombo kusitolo."

Ndinabwerera kunyumba ndi malaya a m'kati, omwe aja. Mkazi wanga ankayenda kutsogolo, ine kumbuyo. Tinadutsa msika wonse. Pafupi ndi nyumba ndinalephera kupirira.

"Koma unamuona khobweyo."

"Ndinamuona."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani?"

"Anali bwanji, poyerekeza ndi wa mlamu wako?"

Anaima n'kutembenuka. "Bambo, munthu uja sananamepo chibadwire. Ndinamupempha masiku atatu. Anachita kuloweza ngati ndakatulo, thukuta lili kamukamu, chifukwa cha inu. Inu n'kumuvula pamaso pa anthu fote."

"Sindinamutume."

"Ndinamutuma ndine."

"N'chimene chikundiwawacho."

"Chikuwaweni bwino," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinakhala pakhomo milungu itatu. Amene sanakhalepo pa ulova ali ndi mkazi wa pantchito sadziwa kutalika kwa tsiku. M'mawa ankadzola mafuta, n'kunyamula kachikwama, n'kupita. Ine ndinkatsala ndi nkhuku. Ndinkasesa pabwalo kawiri. Ndinakonza mpando umene sunali wothyoka. Ikakwana teni koloko ndinkadziwa kuti tsopano fulasiki yatsegulidwa. Kale ndinkaona mano okha pa mtunda wa mamita handiredi, n'kumadandaula. Tsopano sindinkaona kanthu, ndipo mutu wanga, umene sukulu inaukana, unapezeka kuti ndi waluso kwambiri pojambula zithunzi. Akabwera madzulo ndinkamufunsa kuti kuntchito kunali bwanji, iye n'kuti bwino. Mawu amodzi okhawo ndinkawatembenuza mpaka tulo.

Lachisanu la mlungu wachitatu anafika, anakhala pa mpando uja, anavula nsapato.

"A Dokotala akuti mubwere Lolemba."

Ndinakhala tsonga. "Aona kuti popanda ine palibe chikuyenda."

"Zikuyenda bwinobwino. Alamu ndi amene akhala akuwapempha. Tsiku lililonse amapita ku ofesi. Awauza kuti mpunga ukubwerawu ndime ziwonjezeka, ndipo munthu wobzala mizere yoongoka ngati inu sanamuonepo."

"Ananena choncho?"

"Ananena. A Dokotala avomera, koma akuti ndime zanuzanu simudzakhalanso nazo. Aliyense azigwira paliponse, youma ndi yonyika yomwe. Mbewu izikhala ndi alamu mpaka nthawi yobzala. Inu muzilandira kwa iwo, ndipo azikuyang'anirani."

"Wotchi akhale kapitawo wanga."

"Ndi jombo muzivala nthawi zonse. Zimenezo anenetsa."

Ndinaimirira. Ndinayenda mpaka pakhomo n'kubwerera. Ndinamuuza kuti ine ndine mwana wa mlimi, kuti ntchito ili ponseponse, kuti kuli bwino ndikasenze matumba kumsika kusiyana n'kulandira njere m'dzanja la munthu amene anandipempherera ngati mwana wamasiye. Ndinalankhula bwino kwambiri, mpaka nkhuku zinaima kumvetsera. Iye ankangotikita phazi.

"Chabwino," anatero. "Ndikawauza kuti mwakana. Alamu anati mukakana azindiperekeza okha pobwerera, poti njira ya kumlatho ija yamera tchire."

"Yamera liti?"

"Ndi mvula yoyambayi."

Lolemba ndinadzuka iye asanadzuke. Ndinafika kusitolo a Dokotala asanatsegule, ndinalandira ovolosi yanga, inali ikununkha nkhungu. Wotchi anabwera, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Achimwene, takusowani."

"Inenso, akapitawo. Tulo sindinkagona."

Anayang'ana pamkono n'kunena kuti tiyambe ndi kukhoma zikhomo kumunsi. Kanjira ka pakati pa ndime n'kopapatiza, sikalola anthu awiri kuyenda mogundana mapewa. Wotchi anatsogola ndi chingwe. Mkazi wanga, amene anali atangofika, anati azitsatira, ine ndinamudutsa mwachangu, phazi limodzi m'matope, n'kulowa pakati.